Paipi ya mkodzo isasanduke chithandizo cha moyo wonse

Akonzi,

Ndikupempha malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhulepo za mavuto awiri a mkodzo amene anthu ambiri kuno ku Lusaka akukhala nawo zaka ndi zaka, pamene madokotala a opaleshoni ali nazo njira zowakonzera. Loyamba ndi kuthina kwa njira ya mkodzo mwa amuna, ndipo lachiwiri ndi kudontha kwa mkodzo kosaletseka, kumene kumavutitsa kwambiri amayi ngakhale kuti abambo ena nawonso ali nako. Ine ndinali namwino m'mawodi a opaleshoni mpaka pamene ndinapuma pantchito, ndipo chimene chandilembetsa kalatayi ndi chizolowezi chimene chakhazikika pakati pa odwala ndi ena mwa ife azaumoyo, choona paipi ya mkodzo, thewera ndi chitenje chopinda ngati mathero a chithandizo.

Aliyense amene anakhalapo pamzere wa kiliniki ya matenda a mkodzo amawadziwa abambo amene amabwera mwezi ndi mwezi kudzasinthitsa paipi yolowera pamimba, m'munsi mwa mchombo, thumba la mkodzo atalimangirira pamwendo mkati mwa buluku. Ambiri mwa iwo si nkhalamba ayi. Ndi amuna apakati, oyendetsa minibasi, omanga nyumba, onyamula katundu ku Soweto Market, ndipo ena anachita kusiya ntchito chifukwa thumbalo limatayikira kapena kununkha pakati pa anthu. Mukawafunsa kuti paipiyo idzachoka liti, ambiri amangoti akudikira, osadziwa n'komwe chimene akudikiracho.

Njira ya mkodzo ya mwamuna ndi yaitali pafupifupi masentimita 20 kuchokera m'chikhodzodzo, pamene ya mkazi ndi ya masentimita 4 okha, ndipo n'chifukwa chake kuthina kumapezeka kwambiri mwa amuna. Njirayi ikavulala kapena ikatupa ndi matenda imapola ndi chipsera, ndipo chipsera chimakoka, monga momwe khungu lopsa ndi moto limakokera likamapola mpaka chala kulephera kuwongoka. Mkodzo umayamba kutuluka mofooka, munthu amachita kudzikakamiza, nthawi zina umagawikana pawiri kapena kumwazika, ndipo akatha kukodza amamva kuti wina watsalira mkati. Tsiku lina njirayo imatsekeratu. Pamenepo paipi ya pamimba imapulumutsa moyo, ndipo sindikuinyoza ayi, pakuti mkodzo ukakhala wopanda potulukira umabwerera m'mbuyo n'kukawononga impso. Achibale adziwenso kuti bambo amene njira yake yathina akhoza kuyamba kunyowetsa zovala ndi zofunda, iwo n'kumaganiza kuti mkodzo ukutuluka mopitirira, chikhalirecho chikhodzodzo chadzaza mpaka kusefukira. Munthu wotere safunika thewera, koma kupita naye kuchipatala tsiku lomwelo.

Zoyambitsa zake zikuluzikulu zilipo zitatu m'madera athu ano. China ndi chinzonono chimene sichinachiritsidwe bwino. Mnyamata akaona mafinya amachita manyazi kupita kukiliniki, amagula makapisozi awiri atatu pakantemba kapena kutsatira manambala a foni omatidwa pamitengo ya magetsi, mafinya amaleka, iye n'kuiwala, koma chipsera chimadzaonekera patapita zaka zambiri, mwina ali kale pabanja ndi ana. Masiku ano tizilombo ta chinzonono sitikumvanso mankhwala ambiri akale, ndipo chithandizo chodalirika ndi jakisoni wa ceftriaxone woperekedwa kuchipatala, mwamuna ndi mkazi wake yemwe. China ndi ngozi: kugwa motang'adza pachitsulo cha njinga kapena pamtengo wa denga, ndiponso kuthyoka kwa mafupa a m'chiuno pa ngozi za pamsewu, kumene kumatha kuduliratu njira ya mkodzo pafupi ndi chikhodzodzo. Chachitatu chimatikhudza ife a m'chipatala. Katheta, paipi yotulutsira mkodzo yodzera m'njira yake, wolowetsedwa mokakamiza, popanda mafuta okwanira oterereza, kapena wopopedwa kabaluni kake komugwira kuti asatuluke asanafike m'chikhodzodzo, amang'amba njira ya mkodzo, ndipo munthu amene anabwera ndi matenda ena amabwerera kwawo ndi chiyambi cha kuthina. Lamulo lake ndi lachidule ndipo aliyense wophunzira unamwino ayenera kuligwira pamtima: kwa mwamuna katheta alowe mpaka kumapeto kwake, mkodzo uoneke ukutuluka, ndiye kabaluni kapopedwe, ndipo akakana kulowa aitanidwe wodziwa kuposa inu m'malo mokankha.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndikufuna kuti Unduna wa Zaumoyo ndi odwala omwe aimve. Chithandizo chimene ambiri amalandira koyamba ndi kukuza njirayo ndi tizitsulo tosiyana kukula, kapena kudula chipseracho kuchokera mkati ndi kampeni kakang'ono dokotala akuyang'ana pa kamera. Njira ziwirizi n'zachangu, sizifuna kugona masiku ambiri m'chipatala, ndipo munthu amatuluka akukodza bwino n'kumathokoza. Vuto lake ndi lakuti kutanula kapena kudula chipsera n'kupanga bala latsopano pamalo omwewo, ndipo balalo limapolanso ndi chipsera. Izi si maganizo anga okha. Ku chipatala cha Tygerberg ku Cape Town, madokotala Steenkamp, Heyns ndi De Kock anayerekeza njira ziwirizi pa amuna 210, ndipo zotsatira zimene anafalitsa mu 1997 zinasonyeza kuti palibe yoposa inzake. Pomatha chaka chimodzi, kuthina kunali kutabwerera mwa amuna pafupifupi 40 pa 100 alionse amene chipsera chawo chinali chosafika masentimita 2, ndiponso mwa pafupifupi 80 pa 100 alionse amene chipsera chawo chinali chopitirira masentimita 4. Mu 1998 gulu lomwelo linasonyezanso kuti kubwereza kachitatu, pamene chipsera chakhala chikubwerera msanga, kulibe phindu lokhalitsa. Kafukufuku ameneyu anachitikira kuno kum'mwera kwa Africa, ndipo tsopano ndi wa zaka zoposa 25, komabe mpaka lero mumapeza munthu amene wakuzidwa njira kambirimbiri, ulendo uliwonse chipsera chikunka chitalika ndi kulimba, kotero kuti tsiku limene adzafike kwa dokotala wodziwa kukonza, ntchito imene ikanakhala yapafupi idzakhala itasanduka yovuta.

Kwa nkhalamba yodwala mtima imene singapirire opaleshoni yaitali, kukuza njira nthawi ndi nthawi, kapena kuiphunzitsa kudzilowetsa yokha katheta woyera kunyumba, ndi chithandizo choyenera ndithu. Koma kwa mwamuna wamphamvu zake amene kuthina kwamubwerera atakuzidwa kamodzi, malangizo a bungwe la madokotala a mkodzo la ku America a mu 2016 amanena momveka kuti apatsidwe mwayi wa opaleshoni yokonzanso njira, imene amaitcha urethroplasty, m'malo mobwereza zomwe zalephera kale.

Opaleshoni imeneyi imayamba ndi kudziwa pamene pali chipsera ndi kutalika kwake, ndipo zimenezi zimaoneka pojambula ekisire atathira mankhwala ooneka pachithunzi m'njira ya mkodzo. Njirayo imafunikanso kupumitsidwa milungu ingapo osalowetsamo kanthu, kuti chipsera chionetse msinkhu wake weniweni, ndipo apa ndi pamene paipi ya pamimba imagwira ntchito yake yoyenera, yodikirira tsiku lodziwika. Chipsera chikakhala chachifupi, cha masentimita 2 kapena kucheperapo, ndipo chili m'gawo la mkati la pakati pa maliseche ndi kotulukira chimbudzi, dokotala amang'amba pamenepo, amadula gawo lowonongekalo n'kulitaya, kenaka amalumikiza mbali ziwiri zabwinozo ndi ulusi wopyapyala. Kwa amene njira inaduka chifukwa cha kuthyoka kwa mafupa a m'chiuno amachitanso kulumikiza komweko, koma amayamba adikira miyezi pafupifupi 3 kuti mafupa agwirane ndi kutupa kuthe.

Chipsera chikakhala chachitali, kudula n'kulumikiza sikutheka popanda kufupikitsa kapena kupinda chiwalo. Pamenepo dokotala amatsegula gawo lothinalo m'litali mwake n'kuikapo chigamba chochokera mkati mwa tsaya la wodwala yemweyo. Anthu ambiri akamva zimenezi amadabwa, ena amaseka, koma chifukwa chake n'chomveka: khungu la m'kamwa linazolowera kunyowa usana ndi usiku, lilibe tsitsi, n'lolimba, ndipo limalandira magazi msanga pamalo atsopano, pamene khungu la kunja kwa thupi likakhala mumkodzo limatha kutupa kapena kumera tsitsi mkati mwa njira. Nzeruyi si yatsopano. Dokotala Kirill Sapezhko anayesa kale khungu la m'kamwa m'zaka za m'ma 1890, madokotala a ku Egypt analemba za kuligwiritsa ntchito pa amuna akuluakulu mu 1993, ndipo mu 1996 Guido Barbagli wa ku Italy anafotokoza njira yosokera chigamba kumsana kwa njira ya mkodzo, kumene chimatsamira pamnofu wolimba. Pambuyo pa opaleshoni wodwala amakhala ndi katheta milungu 2 kapena 3, amajambulidwanso kuti aone ngati msoko sukudontha, ndiye mapaipi onse amachotsedwa. M'manja mwa dokotala wozolowera ntchitoyi, amuna oposa 80 pa 100 alionse amakhala akukodza bwino kwa zaka zambiri osafunanso chithandizo china.

Sindikufuna kuti wina apite kuchipatala akuganiza kuti opaleshoniyi ilibe zovuta zake. Imatenga maola angapo munthu ali chigonere miyendo itakwezedwa. M'kamwa mumapweteka masiku oyamba ndipo pamafunika phala ndi zakumwa, komanso wosuta kapena wodya fodya ayenera kusiya nthawi isanakwane chifukwa fodya amawononga khungu lomwe likufunikalo. Ena amatsala ndi timadontho ta mkodzo akatha kukodza, ena mphamvu zachimuna zimafooka kwa miyezi ingapo zisanabwerere, ndipo kwa ena chipsera chimayambiranso. Koma zimenezi ziyerekezedwe ndi moyo wa paipi, umene uli ndi matenda a m'chikhodzodzo obwerezabwereza, miyala yomera pakabaluni, kutsekeka kwa paipi pakati pa usiku, ndalama za basi mwezi uliwonse, ndi banja limene laleka kukhalira limodzi monga mwamuna ndi mkazi.

Chimene chimandilimbitsa mtima n'chakuti opaleshoniyi siifuna makina okwera mtengo ochokera kunja. Imafuna dokotala wophunzitsidwa bwino, ulusi woyenera, katheta wa silikoni, wogonetsa odwala, ndi nthawi yokwanira m'chipinda cha opaleshoni. Madokotala a mkodzo tili nawo ku University Teaching Hospital ndi kuzipatala zina zikuluzikulu, sukulu ya udokotala ya University of Zambia imaphunzitsa ukatswiri umenewu, ndipo bungwe la COSECSA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liphunzitse madokotala a opaleshoni m'maiko a kum'mawa, pakati ndi kum'mwera kwa Africa, nalonso lili ndi maphunziro a matenda a mkodzo. Chimene chimasowa kawirikawiri m'maiko athu ndi nthawi ya m'chipinda cha opaleshoni, pakuti munthu amene ali ndi paipi amaonedwa ngati wosafulumira, ndipo tsiku lake likafika pamapezeka wina wa khansa kapena wa ngozi amene sangadikire. Palibe amene angatsutse kuti oterowo ayambe, koma ngati palibe masiku opatulidwira ntchito yokonza njira ya mkodzo, wa paipiyo adzakhala womalizira chaka chilichonse. Popeza zipatala za muno mu Lusaka za Matero, Chilenje, Chawama, Kanyama ndi Chipata zinakwezedwa mothandizidwa ndi dziko la Japan kuti zipepuze katundu wa zipatala zazikulu, ndikuona kuti kusintha mapaipi ndi maopaleshoni ang'onoang'ono zizithera kumeneko, kuti akatswiri ochepa amene tili nawo apeze mpata wa ntchito imene iwo okha angaithe.

Kumbali ya amayi, nkhani ya fisitula, bowo la pakati pa chikhodzodzo ndi njira yoberekera, yamveka kwambiri kuposa ya abambo, ndipo n'zoyamikirika. Bungwe la UNFPA, nthambi ya United Nations yoona za uchembere, linayamba ntchito yapadziko lonse yolimbana ndi vutoli mu 2003, tsiku la 23 May limakumbukiridwa chaka chilichonse, ndipo bungwe lomwelo limanena kuti amayi ndi atsikana pafupifupi 500,000 akukhala nalo padziko lapansi. Fisitula imabwera mwana akakhalitsa panjira pobadwa, mutu wake n'kupanikiza chikhodzodzo pafupa mpaka mnofu kufa ndi kuboola, ndipo nthawi zina imabwera chikhodzodzo chikavulala pa opaleshoni yotulutsa mwana kapena yochotsa chiberekero. Kuno kwathu zipatala monga Monze Mission ndi St Francis ku Katete zakhala zikusoka amayi otere, ndipo abale athu a ku Malawi ali ndi malo apadera ku Bwaila mu Lilongwe. Bowo laling'ono likadziwika msanga mayi atangochira, katheta wokhala milungu ingapo amatha kulitseka popanda mpeni, chinthu chimene azamba onse ayenera kudziwa.

Koma pali amayi amene sitiwawerenga. Ameneyo ndi mayi amene bowo lake linasokedwa n'kutsekeka, m'kaundula analembedwa kuti wachira, koma atafika kumudzi akudonthabe, chifukwa mnofu umene umagwira mkodzo unawonongeka pamodzi ndi njira yake, kapena chikhodzodzo chinatsala chaching'ono. Kwa mwamuna wake, kwa apongozi ndi kwa anzake a kutchalitchi, mayiyu sanachire, ndipo iye mwini sabwereranso kuchipatala poganiza kuti madokotala anachita zonse zimene akanatha. Pamene kwenikweni pali opaleshoni yachiwiri yochirikiza njira ya mkodzo ndi mnofu wa thupi lake lomwe. Ndikupempha kuti pofalitsa chiwerengero cha amayi osokedwa, azaumoyo azitiuzanso kuti ndi angati amene anali ouma patapita miyezi 6, chifukwa chimenecho ndicho chimene mayi amabwerera kuchipatala.

Palinso amayi ambiri opanda bowo lililonse amene mkodzo umawapulumuka akatsokomola, akayetsemula, akaseka kapena akasenza ndowa, makamaka amene anabereka ana ambiri. Iwowa amauzana okha kuti ndi uchembere, n'kumapewa kuvina pachikwati ndi kukwera basi ya ku Chipata poopa kudzichititsa manyazi. Chithandizo chawo choyamba si mpeni, koma kulimbitsa minofu ya pansi pa chiuno, monga anafotokozera Arnold Kegel mu 1948, tsiku ndi tsiku kwa miyezi yosachepera 3 ataphunzitsidwa ndi wodziwa. Zikakanika ndi pamene opaleshoni imabwera. Pali yokweza khosi la chikhodzodzo imene John Burch anafotokoza mu 1961, pali ya lamba wodulidwa pamnofu wolimba wa pamimba pa mayi yemweyo, ndipo pali ya kalamba ka pulasitiki kolukidwa kamene Ulf Ulmsten wa ku Sweden anayambitsa mu 1996. Kalamba kameneka kanathandiza amayi ochuluka, koma ena kanawasiyira ululu wosatha kapena kuboola mnofu, mpaka ku England anaimitsa kukagwiritsa ntchito mu July 2018. Maganizo anga ndi akuti dziko limene mayi amakhala makilomita mazana kuchokera kwa katswiri wotha kukachotsa kakavuta liyenera kutsamira pa njira zogwiritsa ntchito mnofu wa wodwala. Ndiwonjezere kuti mayi amene vuto lake ndi kumva mkodzo mwadzidzidzi n'kulephera kufika kuchimbudzi ali ndi matenda ena, a chikhodzodzo chosakhazikika, amene amafuna mankhwala ndi kuzoloweretsa chikhodzodzo, ndipo opaleshoni ya lamba ikhoza kumuwonjezera mavuto. N'chifukwa chake kupimidwa bwino kuyenera kutsogola.

Za abambo amene amadontha atachotsedwa prositeti, kachiwalo ka amuna ka pansi pa chikhodzodzo, chifukwa cha khansa ndingonena mwachidule. Ambiri amawongokera m'chaka choyamba. Kwa otsalawo kuli kachipangizo koikidwa m'thupi, kamene Brantley Scott ndi anzake anafalitsa mu 1973, kokhala ndi kamkombero kofinya njira ya mkodzo ndi kapampu kobisika m'thumba la machende kamene munthu amadina akafuna kukodza. Kamagwira ntchito bwino, koma mtengo wake ndi madola masauzande ndipo patapita zaka kamafuna kusinthidwa, choncho sindingapemphe boma kuti liyambire pamenepo pamene anyamata ofuna ulusi ndi chigamba cha m'tsaya akali pamzere.

Popeza kuchokera pa lamulo la mu 2018 ogwira ntchito amadulidwa 1 peresenti ya malipiro awo kupita ku NHIMA, bungwe la boma la inshuwalansi ya zaumoyo, owalemba ntchito n'kuwonjezerapo 1 peresenti ina, ndi bwino kuti bungweli lifalitse m'zilankhulo zathu, pawailesi ndi m'nyuzipepala ngati ino, kuti ndi maopaleshoni ati a mkodzo amene limalipira ndiponso kuzipatala ziti. Unduna wa Zaumoyo nawo ukhale ndi kaundula wa aliyense amene waikidwa paipi ya pamimba, wosonyeza chifukwa chake ndi tsiku limene adzaonane ndi katswiri, ndipo ulamule kuti munthu amene kuthina kwamubwerera atakuzidwa kamodzi atumizidwe kwa dokotala wotha kukonza. Inu abambo amene muli ndi paipi, ulendo wotsatira mukapita kukasinthitsa, mukapemphe mwaulemu kuonana ndi dokotala, ndipo mukafunse ngati munajambulidwa ekisire ya njira ya mkodzo, kuti chipsera chanu n'chachitali masentimita angati, ndiponso ngati dzina lanu lili pamndandanda wa opaleshoni. Mayankhowo akawalembe m'buku lanu la kuchipatala.

Ine wanu,
Namwino wopuma pantchito,
Chilenje, Lusaka